Kabatani Kofiira ka M'ndege

Ana inu, senderani pafupi ndi azakhali anu. Kodi munthu angayendetse ndege ali khale pampando kunyumba? Eya, angathe! Pali masewera a pa kompyuta oonetsa m'kati mwa ndege ngati zenizeni. Ena mwa masewerawa ndi Microsoft Flight Simulator, omwe anatuluka koyamba mu 1982. Mumaona mitambo, mapiri ndi bwalo lotererapo. Mukalakwitsa, palibe wovulala. Mumangoyambiranso.

Nanga mumawongolera ndi chiyani? Ndi kandodo kotchedwa joystick. Tiyeni tiyese. Pemphani mthiko kwa amayi, muuimike pansi, muugwire ndi dzanja limodzi. Kokerani kwa inu. Ndege yaloza kumwamba! Kankhirani kutsogolo. Yayamba kutsika. Pendeketsani kumanzere, nayo ipendekera komweko. Ndege yeniyeni ya Airbus A320 ili ndi kandodo kotere pambali pa mpando wa woyendetsa.

Kodi dzanja silitopa? Gwirani mthikowo osaugwedeza, muwerenge mpaka 60. Mwamva bwanji? Komatu maulendo ena amapitirira maola 10! N'chifukwa chake ndege ili ndi mthandizi wotchedwa autopilot. Si munthu ayi, ndi makina. Mumawauza kolowera ndi kutalika koti ndege ikwere, iwo n'kumamvera.

Kodi anthu anakhulupirira msanga kuti makina angagwire ndege? Anafuna kuona ndi maso. Mu 1914, mnyamata wa ku America, Lawrence Sperry, anawaonetsa ku Paris. Anali ndi zaka 21 zokha. Akuuluka pamwamba pa mtsinje wa Seine, anakweza manja onse awiri m'mwamba. Mnzake amene anali naye m'ndegemo anatuluka pampando n'kukaima paphiko. Ndege ija inangopitabe mowongoka, osagwa! Tangoganizani muli m'gulu la anthu aja pansi, khosi lili m'mwamba. Ine ndikaiganiza nkhaniyi mtima umagunda.

Tsono pa joystick ya masewera aja pali mabatani angapo. Kodi batani limadziwa bwanji ntchito yake? Mumachita kuliuza ndinu. Zili ngati m'mawa amayi akamagawa ntchito: uyu asese pabwalo, uyu akatunge madzi. Mumatsegula posinthira mabatani m'masewerawo. Mumasankha ntchito imodzi pamndandanda. Kenako mumadina batani lomwe mwalikonda, ndipo kompyuta imasunga. Batani ili liziyatsa autopilot. Ilo liziuza ndege kuti isakwere, isatsike. Koma samalani! Batani limodzi mukalipatsa ntchito ziwiri mosazindikira, lidzachita zonse nthawi imodzi.

Nanga makinawo amadziwa bwanji kolowera? Amamva manambala. Kum'mawa ndi 90. Kummwera ndi 180. Kumadzulo ndi 270, kumpoto ndi 360. Batani lina lingaonjezere nambala, lina n'kuichepetsa, ndipo ndege imakhota yokha pang'onopang'ono. Imirirani, mutambasule manja ngati mapiko. Wina atchule nambala, inu mutembenukire komweko. Mukafuna kutsata dzuwa likamalowa, musankha iti?

Funso limene ndimalikonda kwambiri ndi ili. Ndi batani liti loyenera malo abwino koposa? Ambiri mungati loyatsa autopilot. Ine ndikuti lozimitsa! Mphepo ikavuta, kapena makina akalowera kolakwika, woyendetsa amafunika kutenganso ndege nthawi yomweyo. Alibe mpata wofunafuna batani. Pa Airbus kabatani kameneka n'kofiira, ndipo kali pakandodo pomwepo, pamene chala chamanthu chimafika chokha. Akakadina, m'chipinda cha woyendetsa mumamveka kaphokoso kolengeza kuti tsopano ndege ili m'manja mwa munthu.

Kodi chala chanu chingakapeze osayang'ana? Tengani chitsekerero chofiira cha botolo, muchimangirire kumtunda kwa mthiko uja ndi mphira. Tsinzinani. Mng'ono wanu awombe m'manja mwadzidzidzi, inu mudine msanga. Yesani kasanu, muwerenge kuti mwachipeza kangati. Mukatha, tsukani mthikowo, amayi akufuna kuphikira nsima!