CHIPERONI NDI LUDZU LA GALIMOTO KU MASAMBANJATI

Mwezi wa Juni ukalowa, anthu a ku Masambanjati, kummwera kwa boma la Thyolo, sachita kufunsa kuti chaka chafika pati. Mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian Ocean imadutsa dziko la Mozambique itasenza chinyezi, ndipo ikagunda mapiri a Thyolo ndi Mulanje imasanduka nkhungu ndi mvula yamawawa, imene imatha kukhala masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Imeneyi ndiyo chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komweko. Alimi a tiyi amaikonda chifukwa imanyowetsa minda pa nyengo imene madera ena ali gwaa kuuma. Koma kwa eni galimoto ndi madalaivala awo, iyi ndi nyengo ya milandu.

Mlandu wake ndi wa mafuta. Galimoto ya matola imene m'mwezi wa Okutobala inkapita ku Thyolo n'kubwerako ndi mafuta odziwika, mu Juni imayamba kupempha ena isanafike pakhomo. Msewu ndi womwewo, katundu ndi yemweyo. Mwini galimoto akawerengera madzulo, maganizo ake amathamangira kumodzi: dalaivala akupopa mafuta usiku. Dalaivala naye amaloza chala kwa omwetsa mafuta kuti pampu yawo ikuba. Popeza petulo ndi dizilo yense wa dziko lino amachita kugulidwa ndi ndalama zakunja n'kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo anthu sanaiwale mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta ya mu 2011 ndi 2012 kapena ya mu 2022, lita imodzi ikasowa mkangano wake sukhala wamasewera. Munthu akhoza kuchotsedwa ntchito, mbiri n'kuipa mudzi wonse. Akuba mafuta alipo ndithu, palibe angakane. Komabe pa milandu yambiri ya m'nyengoyi pamakhala wakuba wina amene saitanidwa pabwalo, ndiye chisanu.

Injini ya galimoto idapangidwa kuti izigwira bwino ntchito ikatentha kufika pafupifupi madigiri 90. Petulo sayaka ali wamadzimadzi. Amayenera kusanduka nthunzi n'kusakanizika ndi mpweya, kenaka pulagi n'kuyatsa. Injini ikagona panja usiku wa chiperoni, zitsulo zake zimakhala zozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo petulo wina akakhudza zitsulozo amangomatirira ngati mame, osayaka. Kuti injini isazime, pamafunika kuthira petulo wochuluka kuposa muyeso wake. M'galimoto zakale za kabureta, dalaivala ankachita yekha zimenezi pokoka kachingwe kotchedwa choko. M'galimoto za masiku ano, monga zimene zimabwera kuchokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, choko mulibe, koma muli kakompyuta kamene kamayeza kutentha kwa madzi a mu injini. Kakaona kuti madzi ndi ozizira, kamawonjezera petulo kokha popanda kuuza munthu, ndipo sikaleka mpaka injini itatentha.

Oyilo nayenso akazizira amalimba ngati uchi wa m'botolo, motero mphamvu ina ya injini imathera pa kukankha oyiloyo m'malo moyendetsa matayala. Mpweya wa m'matayala umachepa mphamvu kukazizira, ndipo tayala lofewa limalemera kuligudubuza, monga adziwira aliyense amene adapalasapo njinga yopanda mpweya wokwanira.

Akatswiri a nthambi ya boma la United States yoona za mphamvu adapeza kuti galimoto ya petulo yoyenda m'tauni, kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, imayenda mtunda wochepa ndi 15 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi pamene kunja kuli madigiri 25. Pa maulendo aafupi, a makilomita asanu kapena asanu ndi imodzi, kuchepako kumafika 24 pa 100. Kutanthauza kuti galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imatsika kufika pa makilomita 10, mwinanso 9. Chisanu chotero ku Masambanjati kulibe. Madzi sauma m'ndowa, ndipo dizilo salimba m'thanki monga achitira ku Canada kapena ku Russia. Tsono kutayika kwa mafuta kobwera ndi kuzizira kokhako n'kocheperapo kuno. Koma phunziro la maulendo aafupi likukhudza dera lino kwathunthu. Galimoto ya pa esiteti imayenda kuchoka ku ofesi kupita kumunda, n'kuima. Kuchoka kumunda kupita ku fakitale, n'kuimanso. Ya matola imadikira anthu pamsika ola lathunthu. Injini yotere imazizira isanatenthe n'komwe, ndipo tsiku lonse imakhala ikumwa ngati kuti kudakali m'mawa.

Chiperoni imawonjezerapo zakezake. M'nkhungu dalaivala wanzeru amayenda pang'onopang'ono ndi giya yaing'ono, magetsi ali chiyakire, zopukutira galasi zikugwira ntchito. Misewu ya dothi lofiira ya m'minda ya tiyi ikanyowa imaterera, matayala n'kumazungulira malo amodzi pa chitunda. Zonsezi ndi mafuta.

Zimenezi palibe angaziletse. Zimene zili m'manja mwa munthu ndi zizolowezi ziwiri zimene madalaivala ndi amakaniko ambiri amazitenga ngati nzeru, chonsecho zimawonjezera ludzu la galimoto.

Choyamba ndi kuwotha injini. Kum'bandakucha dalaivala amaliza galimoto n'kuisiya ikulira pabwalo, iye n'kukasamba, kumwa tiyi, mwinanso kucheza pang'ono. Chizolowezichi chidachokera m'masiku a kabureta, pamene galimoto yozizira inkatsamwa ndi kuzima ikangoti iyambe kuyenda. Injini ya galimoto yaing'ono ikamalira chiimire imamwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola. Mphindi 20 m'mawa uliwonse kwa masiku 30 ndi maola 10, ndiye kuti malita 5 mpaka 10 apsa galimoto isanasunthe ngakhale phazi limodzi. Chodabwitsa n'chakuti injini yolira chiimire imachedwa kutentha, pakuti siikugwira ntchito yolemetsa. Langizo la akatswiri ndi lakuti munthu adikire pafupifupi theka la mphindi kuti oyilo afike paliponse, kenaka anyamuke mofatsa, osaponda moto kwambiri mpaka muvi wa geji utakwera. Lole yaikulu ya mabuleki a mpweya ndiyo ili ndi chifukwa chomveka chodikirira, poti mpweya uyenera kudzaza m'mathanki isananyamuke.

Chachiwiri n'chobisika, ndipo n'chachikulu kuposa choyamba. Panjira imene madzi amadzera kuchoka mu injini kupita ku rediyeta pali kachitsulo kokwana m'chikhatho kotchedwa thermostat. Ntchito yake ndi ya mlonda wa pachipata. Injini ikakhala yozizira, iko kamatseka, madzi n'kumangozungulira mu injini momwemo kuti atenthe msanga. Akafika madigiri 80 ndi kupitirira pang'ono, kamatseguka, madzi n'kupita ku rediyeta kukazizira. Tsono m'magalaja ambiri a dziko lino muli chikhulupiriro chakuti kachitsuloka n'ka mayiko ozizira okha, ndipo galimoto ikangofika kuchokera kudoko, ena amayamba n'kukachotsa n'kukataya.

Amakanikowa asaweruzidwe mopupuluma. Thermostat ikakalamba imatha kukanirira chitsekere, injini n'kuwira, ndipo munthu amene galimoto yamufera panjira ya ku Thekerani usiku, sitolo ya zipangizo ili ku Limbe, alibe njira ina koma kuichotsa kuti akafike. Cholakwa n'kusandutsa chithandizo cha pangozi kukhala lamulo. Kawirikawiri chowiritsa injini chimakhala china: rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothiramo madzi a pachitsime kapena a mumtsinje, fani yakufa, lamba wolephuka, kapena chivindikiro cha rediyeta chotha. Kuchotsa thermostat kumangophimba matendawo.

M'chilimwe, makamaka kwa otsikira ku chigwa cha Shire kumene dzuwa limaswa mtengo, kusowa kwa kachitsuloka sikuonekera kwambiri. Mu Juni ndi Julayi, pamwamba pa mapiri a Thyolo, ndi pamene mlandu umaphulika. Chipata chili pululu, madzi amathamangira ku rediyeta kuyambira pamene injini yalizidwa, ndipo mphepo ya chiperoni imawaziziritsa mosalekeza. Pa chitsetse chachitali muvi wa geji umagwa mpaka pansi. Dalaivala amasangalala, amati galimoto yake siitentha. Sadziwa kuti kakompyuta kaja kakuwerenga madzi ozizirawo n'kumaganiza kuti injini yangodzuka kumene, motero kakuthirabe petulo wa m'mawa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Petulo wosapsa uja sangotayika chabe. Amatsuka oyilo m'mbali mwa masilinda, amatsikira pansi n'kusungunula oyilo yense, amadetsa mapulagi ndi mwaye. Injini yoyenera kukhala zaka zambiri imayamba kufuka isanakwane nthawi yake. Akulu adati safunsa adadya phula.

Zizindikiro zake sizifuna makina. Ngati galimoto yayenda kotala la ola muvi wa geji osafika pakati, ngati ukwera pa chitunda n'kugwa pa chitsetse, ngati chotenthetsa m'kati chikutulutsa mpweya wofunda pang'ono chabe, mwini galimoto ayambe wafunsa za thermostat asanafunse za khalidwe la dalaivala. Ndipo pofuna chilungamo chenicheni, kabuku kakang'ono n'kokwanira: kudzaza thanki, kulemba makilomita, kudzazanso, n'kugawa makilomitawo ndi malita amene alowa. Ziwerengero za Juni ziyerekezedwe ndi za Juni wa chaka chatha, pakuti kuziyerekeza ndi za Okutobala n'kuweruza nyengo ziwiri zosiyana ndi muyeso umodzi. Mpweya wa m'matayala uyesedwe m'mawa galimoto isanayende.

Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za m'derali ali ndi mwayi woonetsa zonsezi popanda galimoto. Thermostat yakale ipemphedwe ku galaja, imangidwe ndi kawaya n'kulendewera mu poto wa madzi pa mbaula, osakhudza pansi. M'kati mwake muli phula lapadera limene limafufuma likasungunuka, ndipo ndilo limakankha chitseko. Ophunzira ayang'anitsitse: madzi asanayambe kubwadamuka, kachitseko kadzayamba kutseguka pang'onopang'ono, ndipo poto akaphulidwa kadzabwerera mwakachetechete. Ngati pali choyezera kutentha, alembe madigiri amene katsegukira, n'kuwayerekeza ndi nambala yodindidwa pa kachitsuloko.