Madzi a utoto asapite kumtsinje

Amayi a m'koperativa yathu amanyika nsalu mu utoto. Nsalu zimakongola, ndipo pamsika sizichedwa kutha. Koma akamaliza kunyika, mumgolo mumatsala madzi ofiira kapena obiriwira. Kale madziwa tinkangowakhuthulira m'ngalande. Ngalandeyo imathera mumtsinje, mtsinje womwewo umene timatungamo madzi othirira kudimba.

Utoto ukalowa mumtsinje, madzi amada. Dzuwa silifika pansi. Zomera za m'madzi zimafooka, mpweya umachepa, nsomba zimathawa kapena kufa. Utoto wa kusitolo suwola msanga ngati ndowe ayi. Anaupanga dala kuti usasuluke.

Nanga titani, anzathu?

Taganizani bwino. Utoto umagwira nsalu chifukwa umakakamira ku ulusi wa thonje. Thonje ndi chomera. Zitsononkho za chimanga, mankhusu a mpunga ndi utuchi wa matabwa nazonso zinachokera ku zomera, ndipo utoto umazikakamira ndithu. Makala ndiye amaugwira kwambiri. Khala lili ndi timaenje tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo utoto umakodwa m'menemo. Kuno ku Angónia zitsononkho sizisowa. Anzathu olima mpunga angatenge mankhusu.

Ife timachita chonchi. Timaboola mgolo wakale kunsi kwake ndi kuyalamo chiguduli. Pamwamba pa chiguduli timathira mchenga wotsuka, kenaka makala osinja, kenaka zitsononkho zouma zosinja. Tikasinja bwino, malo okakamirapo utoto amachuluka. Ndiye timathira madzi a utoto aja pang'onopang'ono.

Apa m'pofunika kuleza mtima. Tsiku loyamba ife tinakhuthula ndowa yonse kamodzi, madzi n'kutuluka ali ofiirabe psuu! Utoto umafuna nthawi kuti ugwire. Tsopano timathira ndi chikho, ndipo otulukawo timawaona m'botolo padzuwa. Akayambanso kufiira, timadziwa kuti makala akhuta. Timawachotsa n'kuikamo atsopano.

Koma chenjerani: madzi oyerawa si akumwa, ndiponso si othirira ndiwo zamasamba. Ponyika nsalu amayi amathiramo mchere ndi soda. Zimenezi makala sazigwira, ndipo mchere umawononga nthaka. Madziwa tiwataye m'dzenje lakutali ndi chitsime ndi mtsinje. Makala ndi zitsononkho zokhuta utoto tizikwirire m'dzenje lomwelo. Tisaphikire nsima, tisataye poyenda nkhumba kapena posewera ana.