MADZI A MVULA NDI AULERE, OTHIRIRA NDI OGULA

Akulu amene anaona njala ya 1949 atsala ochepa, koma chilala cha 1992 ambiri akuchikumbukira, ndipo cha 2016 ndi cha 2024 tinachiona tonse ndi maso athu. Mvula ikadula motero m'madera ouma monga Balaka, Neno, Chikwawa ndi Nsanje, alimi ambiri amaganiza kuti atangopeza pampu basi njala yatha. Ulimi wothirira ndi wabwino ndithu, ndipo tifuna kuti ukule. Koma munthu wanzeru sayamba kumanga nyumba asanawerenge njerwa. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi madzi amene munda umamwa, ndi mtengo wake wa madziwo.

Kodi ekala imamwa madzi ochuluka bwanji?

Chimanga chimafuna madzi osachepera mamilimita 500, ndiwo mainchi 20, kuyambira pobzala kufikira pokhwima. Pa ekala imodzi madzi amenewa ndi malita 2,000,000. Kunena mwa zotengera zathu, ndi migolo 10,000 ya malita 200, kapena ndowa 100,000 za malita 20. Mvula imatsanula madzi onsewa pamunda popanda kutilipitsa kanthu. Koma m'chilimwe dontho lililonse liyenera kunyamulidwa kuchokera kumtsinje kapena m'chitsime, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Apa ndi pamene pagona mtengo wonse wa kuthirira: madzi ndi olemera, ndipo sakwera okha chitunda.

Wothirira ndi keni amalipira ndi msana wake. Wa pampu yopalasa ndi miyendo amalipira ndi thukuta, ndipo pampuyo siikoka madzi akuya koposa mamita 7. Tiyerekeze kuti ikutulutsa lita imodzi pa sekondi: kuti ekala ya chimanga ikhute, afunika maola oposa 550, ndiko kupalasa maola anayi ndi theka tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi. Wa injini amalipira mafuta, oyilo ndi mmisiri woikonza, ndipo ndalama zimenezi zimatuluka mbewu isanagulitsidwe. Pampu yoyendera dzuwa siimwa mafuta, koma pogula imafuna ndalama zambiri nthawi imodzi.

Phunziro la kuchigwa cha Shire

Ngakhale minda ikuluikulu siithawa lamulo limeneli. Nzimbe za ku Nchalo zakhala zikuthiriridwa chiyambire zaka za m'ma 1960 ndi madzi opopedwa mu Shire ndi magetsi, ndipo chimene chimalipira magetsiwo ndi shuga, mbewu ya mtengo wapatali. Pofuna kuti madzi aziyenda okha, mu 2020 inayambika ntchito yokumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, kumene Shire ali pamwamba, kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi cholinga chothirira mahekitala oposa 40,000. Komabe mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira ndi kuwononga pamene ngalandeyo imayambira. Tiphunzirepo kuti madzi oyenda okha ndiwo otsika mtengo, koma nawonso afuna kukonza ndi kusamala, ndipo ndi chifukwa chake alimi a m'masikimu amasonkha ndalama za madzi ndi kupala ngalande zawo.

Yambani ndi kusunga mvula

Madzi osalira ndalama ndi amene agwa kale pamunda panu. Mvula ya inchi imodzi ikathawa pa ekala, mwataya migolo 500, ndipo madziwo popita amatenga chajira cha nthaka. Akulu anati madzi akatayika sawoleka.

Chifukwa chake mizere itsate akalozera, yopingasa chitunda, osati yotsetsereka. M'makwawa mwa mizere mangani ngonyeka motayanatayana, kuti madzi aime m'mabokosi ndi kulowa pansi. Mapesi musatenthe, agonekeni pamunda kuti aphimbe nthaka kudzuwa. Thirani manyowa, pakuti dothi la manyowa limagwira chinyontho monga thonje, pamene dothi loguga limauma tsiku lomwelo. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, mbewu yocha msanga, ndipo palirani udzu ukadali waung'ono, chifukwa udzu umamwa madzi a chimanga. Kumalo ouma kwambiri musaiwale mapira, mchewere, nandolo, khobwe ndi chinangwa, zimene zimapirira pamene chimanga chafota. Zonsezi zifuna khasu ndi khama, osati ngongole.

Madzi ogula apite kuti?

Popeza madzi othirira ndi ogula, aperekedwe kumbewu imene ingabweze mtengo wake. Kadimba kakang'ono kokhuta madzi kaposa dimba lalikulu la ludzu. Tomato, anyezi, kabichi, nyemba ndi chimanga chogulitsa chachiwisi zimabweza ndalama zambiri pa ndowa iliyonse koposa chimanga chouma cha m'nkhokwe. Koma musanabzale funsani za msika, pakuti mudzi wonse ukakolola tomato sabata imodzi, mtengo umagwa ndipo mafuta a injini sabwera.

Alimi a fodya adziwa kale kuti nazale imadza pa nthawi yoipa, mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mitsinje yaphwa ndipo zitsime zatsika. Sankhani malo a nazale mutaona kuti madzi ake adzafika mpaka mvula, ndipo musafese mabedi oposa amene mungathe kuthirira. Phimbirani mabedi ndi udzu, ndipo mbande zikayandikira kuwokera chepetsani madzi kuti zikhwime.

Pa chimanga, nyengo yoopsa ndi pamene chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Madzi akachepa, asungireni masabata amenewo, chifukwa ludzu la nthawi imeneyo limasiya zisononkho zopanda maso. Thirirani m'mawa kapena madzulo, pamene dzuwa lilibe mphamvu. Lawaninso madzi a chitsime chanu. M'madera ena a kuchigwa cha Shire madzi apansi ndi amchere, ndipo mchere ukaunjikana m'nthaka munda umayera pamwamba ndi kuleka kubala.

Musanagule pampu

Khalani pansi ndi banja lanu, pensulo m'manja, muyankhe mafunso anayi. Kodi madzi athu amakhalapo mu Okutobala? Kodi ali pansi mamita angati, ndipo ali kutali bwanji ndi munda? Kodi mafuta ndi zokonzera za nyengo yonse zidzadya ndalama zingati? Nanga mbewu tidzagulitsa kuti, pa mtengo wanji? Ngati zotuluka ziposa zolowa, pampuyo idzakhala mlendo wodya nkhokwe yanu. Ngati mtengo ukulemerani panokha, gwirizanani ndi anansi anu a mtsinje umodzi, mukumbukire kuti a kumunsi nawonso amamwa madzi omwewo. Mlangizi wa m'dera lanu ali wokonzeka kukuthandizani kuyeza akalozera ndi kuwerengera zonsezi mvula isanagwe.