Khomo lomwe mwana adzatulukire

Tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera mabenchi amadzaza dzuwa lisanakwere. Ena afika pa kabaza kuchokera cha ku Namitambo, ena wapansi, buku la kuchipatala lili m'jumbo kuopa mvula. Ine mzamba ndimayeza kuthamanga kwa magazi, ndimamvetsera mtima wa mwana, ndimapereka Fansidar ndi mapiritsi owonjezera magazi. Zonsezi amalandira mosanyinyirika. Koma ndikangofunsa kuti, "Mayi, munayezetsapo khomo la chiberekero?" nkhope imagwa.

"Anesi, chitsulo chija ndi mimbayi? Mukufuna ndipite padera?"

Funsoli sindiliseka. Ndimatenga chitsulocho n'kuwagwiritsa m'manja. Mwana ali m'kati mwa chiberekero chotseka, ndipo chitsulo sichifikako. Ntchito yake n'kutsegula njira kuti diso lione khomo, basi. Timanyowetsa thonje ndi viniga, kupaka pakhomopo, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera. Si khansa ayi, koma akalekereredwa ndi amene amadzasanduka khansa. Wochititsa ndi kachilombo ka HPV, kopatsirana pogonana, kamene kamagwira ntchito yake mwakachetechete zaka 15 kapena 20, munthu akulima, akubereka, osamva kupweteka paliponse.

Kuyezaku kumayenda bwino mimba ikadali yaing'ono. Ikakula khomo limafewa, limatupa, silichedwa kutuluka magazi, ndipo zooneka pamenepo zimasokoneza. Tsono vuto lathu kuno mukulidziwa: mimba timabisa. Mayi amayamba sikelo miyezi isanu itakwana, chitenje chitakana kusunga chinsinsi. Woteroyo ndimamuuza kuti tidzaonane akachira.

Tikapeza malo oyera mwa mayi woyembekezera sitiwotcha, ngakhale kamakina kowotchera kali pomwepo. Timadikira abereke, thupi libwerere. Miyezi yochepayo siopsa, pakuti nthendayi siithamanga. Choopsa n'chakuti mayiyo sabweranso. Mwana wabadwa, kumunda kukudikira, mwamuna ali ku Limbe pa geni, ndipo iye akudzimva wamphamvu. Timadzakumananso patapita zaka, atabwera ndi fungo limene wakhala akulibisa ndi nsalu.

Ziwerengero za bungwe la WHO za 2020 zinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chochuluka kasanu ndi kamodzi, ndipo mwa iye nthendayi ingathe kukhwima m'zaka 5 mpaka 10 zokha. Ku Chiradzulu nkhani imeneyi ndi yathu. Kuno n'kumene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ambiri asanakhulupirire kuti mankhwalawa angayende kumudzi. Amayi amene anapulumuka nthawi ija ndi omwewo amene khansa inayamba kuwatola. Mu 2018 bungwe lomweli, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba ntchito yolimbana ndi khansa ya khomo la chiberekero kuno ndi ku Blantyre, ndipo mu Januwale 2020 atsikana a zaka 9 masauzande angapo m'boma lino anabayidwa katemera wa HPV. Ana amenewo ali ndi mwayi. Amayi awo katemera anawapitirira, chawatsalira n'kuyezetsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi magazi. Mayi woyembekezera akaona magazi atakhala malo amodzi ndi bambo, kapena chikazi chonunkha chosatha, kumudzi amamuuza kuti ndi mwana akutembenuka. Ngakhale ife a chipatala, mzere ukatalika, timafulumira kunena kuti ndi za mimba osayang'ana n'komwe. Kumeneko n'kulakwa. Magazi pa mimba, kaya ya miyezi ingati, amafunika kuonedwa tsiku lomwelo. Pakaoneka chotupa chokayikitsa timatumiza mayiyo ku chipatala cha Queens ku Blantyre, kumene madokotala amaunika kukula kwa nthenda ndi msinkhu wa mimba, ndipo nthawi zambiri mwana amabadwa mwa opaleshoni.

Masiku ano tsiku lobwereranso sindililemba m'buku la mayi lokha. Buku lakelo limaiwalika m'sutikesi. Ndimalilembanso m'buku la mwana, pafupi ndi katemera wa masabata asanu ndi limodzi. Limenelo sanalisiyepo kunyumba.