MANKHWALA OPAKA OSAKANIZA: KODI AMATHETSA ULULU WA M'MITSEMPHA?

Anthu ambiri amafika kuchipatala akudandaula kuti mapazi awo amayaka moto usiku, kapena kuti amamva kulasalasa ngati singano, mwinanso dzanzi losatha. Ena amalephera ngakhale kufunda, pakuti bulangete likangokhudza khungu amamva kuwawa. Ululu wotere umachokera m'mitsempha imene imatenga uthenga kuchokera pakhungu kupita ku ubongo. Mitsempha imeneyi ikavulala imayamba kutumiza uthenga wa ululu ngakhale pamene palibe bala. Ichi ndicho chifukwa chake panado ndi asipirini kawirikawiri sizithandiza kwenikweni.

Zimene zimavulaza mitsempha

Matenda a shuga ndiwo amabweretsa vutoli kwa anthu ochuluka, makamaka m'mapazi. Zina ndi mashingozi, kachirombo ka HIV, khate ndiponso kumwa mowa mopitirira muyeso. Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid nawonso angathe kuvulaza mitsempha, motero odwala amapatsidwa vitamini B6 pamodzi ndi mankhwalawo.

Mankhwala osakaniza ndi otani?

Ku America kuli mankhwala opaka amene sachokera kufakitale. Dokotala amalemba kalata, ndipo katswiri wa mankhwala amasakaniza mitundu ingapo, monga ketamine, gabapentin, clonidine ndi lidocaine, m'mafuta odzola a wodwala mmodzi yekha. Cholinga chake nchakuti mankhwala agwire ntchito pamalo powawapo popanda kufika m'thupi lonse. Ganizoli limamveka labwino, koma mankhwalawa ndi okwera mtengo, ndiponso bungwe la boma la FDA siliwayesa asanagulitsidwe monga limachitira ndi a kufakitale.

M'chaka cha 2019 madokotala a pachipatala cha asilikali cha Walter Reed m'dzikolo anaulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 399. Ena anapatsidwa mankhwala osakaniza, ena mafuta chabe opanda mankhwala, ndipo wodwala sanali kudziwa chimene walandira. Patatha mwezi umodzi, panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiriwo. Chifukwa chimodzi nchakuti khungu lili ngati mpanda, sililola mankhwala ambiri kulowa. Komanso mankhwala ngati gabapentin amagwira ntchito m'fupa la msana ndi mu ubongo, kutali ndi phazi limene mwapaka.

Kodi ngozi ilipo?

Inde ilipo. M'chaka cha 2007 bungwe la FDA linachenjeza anthu za imfa ya atsikana awiri, wina wa zaka 22, wina wa zaka 25. Iwo anapaka mankhwala amphamvu ochititsa dzanzi miyendo yawo, nakulunga ndi pulasitiki. Mankhwalawo analowa m'magazi, atsikanawo anakomoka ndipo pambuyo pake anamwalira. Choncho tisaganize kuti mankhwala opaka alibe mphamvu yopweteka munthu.

Nanga chothandiza nchiyani?

Alipo mankhwala apakhungu amene anayesedwa bwino. Kansalu komata ka lidocaine kanavomerezedwa ku America mu 1999 kuti kazithandiza ululu wotsalira mashingozi atapola. Palinso capsaicin, wochokera ku tsabola, amene amakonzedwa pa muyeso woyenera. Koma izi sizitanthauza kuti muzitikita tsabola pakhungu, pakuti mudzangodziwotcha.

Odwala ambiri amathandizidwa ndi mapiritsi monga amitriptyline, amene amamwa madzulo pogona. Mphamvu yake imayamba kumveka patapita masabata angapo, tsono musataye mtima msanga. Choposa zonse ndi kupeza chimene chikuvulaza mitsempha. Ngati ndi shuga, mafuta aliwonse sangathandize pamene shugayo akadali wokwera m'magazi.

Malangizo oyenera kukumbukira

1. Mukamva moto kapena dzanzi m'mapazi, pitani kuchipatala ndi kabuku kanu kakuchipatala, ndipo pemphani kuti akuyezeni shuga ndi HIV.

2. Mukaona matuza owawa mbali imodzi ya thupi, fulumirani masiku 3 asanathe, pakuti mankhwala a mashingozi amagwira bwino akayambidwa msanga.

3. Musapake mankhwala amene analembedwera munthu wina, ngakhale atumizidwe ndi mbale wanu wakunja.

4. Musapake mankhwala pa bala kapena pamalo aakulu a thupi, ndipo musakulunge ndi pulasitiki. Sambani m'manja mukatha kupaka ndipo sungani mankhwala patali ndi ana.

5. Musatemere mphini phazi la dzanzi. Kwa wodwala shuga kabala kakang'ono kangathe kukula mpaka mwendo kudulidwa.

6. Musayandikize mapazi a dzanzi kumoto, chifukwa mungapse osadziwa. Valani nsapato ndipo yang'anani kuphazi kwanu tsiku lililonse.

Mitsempha ikawonongeka kwambiri imavuta kuchira. Amene afika kuchipatala dzanzi likangoyamba ndiye amapulumutsa mapazi ake.