Maphunziro a Jenda: Kuchokera ku Yunivesite Kufika M'mudzi

Pali liwu limodzi limene likatchulidwa pa msonkhano wa mpingo, abambo ena amayamba kutsokomola ndipo amai amagwetsa nkhope pansi. Liwulo ndi "jenda". Ambiri a ife tinayamba kulimva pa wailesi cha m'ma 1995, pamene amai a m'maiko ambiri anasonkhana ku Beijing m'dziko la China. Ena amati ndi chiphunzitso cha azungu chopasula mabanja. Ena amati ndi njira imene mabungwe amapezera ndalama. Koma nkhoswe yanzeru siŵeruza mlandu isanamve mbali zonse. Nchifukwa chake tifuna tione bwino chimene maphunziro ameneŵa ali, anthu amene aŵagwirira ntchito pakati pathu, ndi zipatso zimene zafika m'midzi mwathu.

Kubadwa mwamuna kapena mkazi ndi chilengedwe. Koma kuti mtsikana azikatunga madzi mlongo wake ali pa mkeka kuŵerenga, kapena kuti mai wamasiye alandidwe mbuzi ndi malata mwamuna wake atangoikidwa, izi sitibadwa nazo. Anazikonza ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuziunikanso. Maphunziro a jenda amafunsa mafunso otere: kodi ntchito, chuma ndi ulamuliro zimagaŵidwa bwanji pakati pa amuna ndi akazi? Anakonza kagaŵidweko ndani? Nanga akupindula ndani, akulira ndani? Mafunso aŵa amafunsidwa ndi ophunzira za mbiri, za malamulo, za umoyo ndi za chuma. Ife tilondola amene anaŵafunsa Baibulo lili m'manja.

Bwalo lobadwira ku Ghana

Mu September 1989 amai pafupifupi 70 ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Afrika anasonkhana pa Trinity College ku Legon, pafupi ndi mzinda wa Accra. Anaŵaitana ndi Mercy Amba Oduyoye, mai wa mpingo wa Methodist wa ku Ghana, amene anaphunzitsapo pa yunivesite ya Ibadan ku Nigeria ndiponso anatumikira ku bungwe la World Council of Churches ku Geneva. Mai ameneyu anaona chinthu chodandaulitsa: m'matchalitchi a mu Afrika amai ndiwo amadzaza mabenchi, koma m'mabuku ophunzitsira abusa mau ao sanali kupezekamo. Zolembedwa zokhudza akazi a mu Afrika zinali zolembedwa ndi amuna kapena alendo. Iye ankafanizira maphunziro otere ndi mbalame ya phiko limodzi, imene singathe kuuluka.

Pa msonkhanowo panabadwa bungwe lotchedwa Circle of Concerned African Women Theologians, ndiko kuti bwalo la amai a mu Afrika ophunzira za Mulungu. Mutu wa msonkhano unatengedwa pa nkhani ya mwana wamkazi wa Yairo, amene Ambuye Yesu anamgwira dzanja namuutsa anthu atataya kale mtima (Marko 5). Ntchito imene amaiwo anapangana inali yomveka: kufufuza za chipembedzo ndi miyambo monga zimakhudzira akazi, kulemba, ndi kusindikiza. Anasankha dzina la bwalo chifukwa pabwalo anthu amakhala mozungulira, ndipo mlendo akafika amangomfutukulira malo.

Mabuku anayamba kutuluka: The Will to Arise mu 1992, ndi Daughters of Anowa la Oduyoye mwini mu 1995. Misonkhano ikuluikulu inatsatira, ku Nairobi mu 1996 ndi ku Addis Ababa mu 2002. Wa ku Addis Ababa unali wokhudza matenda a Edzi, pa nthaŵi imene ambiri a ife tinali kuika maliro sabata ndi sabata koma osatchula nthendayo pa guwa. Amaiwo anafunsa poyera za mkazi wokhulupirika amene alibe mphamvu yokana mwamuna woyendayenda, ndiponso za miyambo ya kuloŵa kufa ndi chokolo. Tiyenera kudziŵanso kuti amai aŵiri a ku Malaŵi anatsogolerapo bwalo lonseli: Isabel Apawo Phiri kuyambira 2002 kufikira 2007, ndipo pambuyo pake Fulata Lusungu Moyo.

Buku lonena za ife

Isabel Apawo Phiri analandira digiri yake yapamwamba pa yunivesite ya Cape Town mu 1992. Zimene anafufuza zinasindikizidwa mu 1997 m'mabuku a Kachere, m'buku lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy. Bukuli limanena za amai Achicheŵa a m'chigawo chapakati ndi moyo wao mu Sinodi ya Nkhoma. Iye anaŵerenga zolembedwa zakale za mishoni ndi za Sinodi, nayendanso m'mipingo kukacheza ndi amai eni ake.

Anayambira kale, uthenga usanafike. Pa kachisi wa ku Msinja panali Makewana, mkazi amene ankatsogolera mapemphero a mvula, ndipo ngakhale mafumu ankamlemekeza. Mtundu unkaŵerengedwa kuchokera kwa mai, ndipo mwa chikamwini mwamuna ndiye ankasamukira kwao kwa mkazi. Koma bukuli silikometsa zakale mopitirira. Limaonetsa kuti mwini mbumba anali mwamuna ndithu, malume kapena mlongo, ndi kuti m'chinamwali munali zina zozunza atsikana.

Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, amai anapindula zambiri. Anaphunzira kuŵerenga ndi kulemba, atsikana anapeza nyumba zoŵasungira ndi kuŵaphunzitsa, ndipo chilangizo chachikhristu chinaloŵa m'malo mwa chinamwali chakale. Mu 1940 kunayamba Chigwirizano, kumene amai anapeza malo olalikira, kuyendera odwala ndi kutonthoza ofedwa, monganso amai a Mvano ku Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia. Komabe wolembayo anaona kuti mpingo unatsegula zitseko zina nutseka zina. Anapereka chitsanzo cha mkhalapakati, mkulu wa mpingo wamwamuna woikidwa kukhala pa misonkhano ya amai ndi kutengera nkhani zao ku bwalo la mpingo. Funso lake linali lakuti: kodi amai amene amadziŵa Malembo, nasunga bwino chuma cha gulu lao, sangathe kudzifotokozera okha?

Sitinena kuti aliyense avomereze zonse za m'bukuli. Nkhani za maudindo mu mpingo zili ndi mabwalo ake, ndipo masinodi sanayende mofanana pa nkhaniyi. Koma kholo kapena mnyamata wofuna kutsutsa ayambe waŵerenga, pakuti bukuli likunena za agogo athu ndi amai athu.

Mtengo wa kunena zoona

Chaka cha 1995 chinaonetsa kuti maphunziro otere si maseŵera. Kumayambiriro kwa chakacho amai ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre anayenda ulendo wa pamodzi kukapereka chikalata cha madandaulo ao kwa atsogoleri. Anadandaula za kasamalidwe kao pa ntchito ndi za kutsekeredwa kunja kwa utumiki. Ena mwa iwo anaimitsidwa pa ntchito. M'chaka chomwecho aphunzitsi anai aakazi a pa Chancellor College ku Zomba, mmodzi mwa iwo Isabel Phiri, anatulutsa zimene anapeza pofufuza za kugwiriridwa ndi kuvutitsidwa kwa atsikana pa sukulupo. Nkhaniyo itafalikira, ophunzira ena anakwiya nakagenda nyumba ya Phiri. Chaka chotsatira iye anachoka m'dziko muno kukaphunzitsa ku Namibia, ndipo pambuyo pake ku South Africa.

Koma mau akatuluka sabwerera m'kamwa. Mu 2000 Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa wake woyamba wamkazi, Martha Mwale, ndipo mu 2001 Sinodi ya Blantyre inadzoza Edna Navaya. Phiri mwini mu 2012 anaitanidwa kukakhala mmodzi wa alembi akuluakulu a World Council of Churches. Chachikulu koposa nchakuti nkhani imene inkabisidwa, ya mtsikana wovutitsidwa ndi mphunzitsi kapena mnzake wa m'kalasi, inayamba kukambidwa masana.

Kutsikira kumudzi

Wina angafunse kuti: nanga mai wa ku Mitundu kapena ku Mayani, amene sanapondepo pa yunivesite, apindulanji ndi mabuku a Chingerezi? Yankho lili m'ntchito zimene zinabadwa m'maphunzirowo.

Choyamba ndi njira yoŵerengera Baibulo pamodzi yotchedwa Tamar Campaign, imene inayambitsidwa ndi a Ujamaa Centre a ku yunivesite ya ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, nifalikira m'maiko ena. Gulu limakhala pansi niliŵerenga mokweza 2 Samueli 13, nkhani imene siimveka kaŵirikaŵiri pa guwa. Tamara, mwana wa mfumu Davide, anagwiriridwa ndi Amnoni, mbale wake wa bambo mmodzi, m'nyumba ya banja lomwelo. Yonadabu ndiye anakonza chiwembu. Abisalomu anauza Tamara kuti akhale chete. Davide anakwiya, koma sanachitepo kanthu. Wotsogolera salalika ai, amangofunsa. Anachitapo chiyani aliyense m'nkhaniyi? Tamara anayankhula zotani podziteteza? Kodi a Tamara alipo m'mudzi mwathu? Nanga mpingo wathu uchitapo chiyani? Amai amene anasunga chinsinsi zaka zambiri amadabwa kuona kuti zimene zinaŵachitikira zinalembedwa m'Buku Lopatulika, ndipo ena amayamba kuyankhula tsiku lomwelo.

Chachiŵiri ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza, oyambira pa 25 November kufikira pa 10 December chaka ndi chaka. Ambiri timangoona maulendo a pamseu ndi kumva nyimbo pa wailesi, osadziŵa kuti mwambowu unayambira pa msonkhano wa maphunziro pa yunivesite ya Rutgers ku America mu 1991.

Chachitatu ndi malamulo a dziko. Zofufuza za ophunzira, pamodzi ndi kulimbika kwa mabungwe a amai, zinathandiza kuti aphungu aone kukula kwa mavuto. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wachembeza abwerere ku sukulu. Mu 2006 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu. Mu 2013 kunabwera lamulo loti pasakhale kusiyanitsa amuna ndi akazi, ndipo mu 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, zimene zinatsimikizidwa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017.

Lamulo likakhala pa pepala lokha silipulumutsa mwana. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto, amene asanaloŵe ufumu anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri pa koleji ina ku Zomba, anathetsa maukwati a ana mazanamazana nabwezera anawo ku sukulu. Mafumu a pansi pake amene analola maukwati otere anaŵaimitsa. Anakumana ndi makolo okwiya, koma sanabwerere m'mbuyo.

Kwa makolo ndi achinyamata

Makolo anzathu, sukulu yoyamba ya zinthu izi ndi pakhomo pathu. Tiyeni tidzifunse moona mtima. Ndalama za fizi zikachepa, timayamba kusiyitsa yani? Madzulo, ndani amapeza nthaŵi yoŵerenga, ndani ali ku mtondo ndi ku chitsime kufikira mdima? Mwana wathu wamkazi akabwera ndi nkhope yotupa, kodi timangomuuza kuti banja ndi kupirira nkumbweza? Mbale wathu akamwalira, timapita kukalira kapena kukaŵerenga ng'ombe? Mwana akatiuza kuti malume kapena mlamu wamgwira mosayenera, kodi timateteza mwanayo kapena dzina la banja? Kuongola mtengo mpoyamba. Mnyamata amene waphunzira kuphika, kuchapa ndi kulemekeza alongo ake sadzasanduka mkazi. Adzakhala mwamuna amene mkazi wake sadzamuopa.

Inu alangizi ndi amai a Chigwirizano, muli ndi bwalo limene aphunzitsi a ku yunivesite alibe. Atsikana amakumverani. Pamodzi ndi malangizo a ulemu ndi kudzisunga, aphunzitseninso kuti thupi lao nlolemekezeka pamaso pa Mulungu, kuti ali ndi ufulu wokana, ndiponso kumene angakanene akachitiridwa choipa: kwa inu, kwa abusa, ku chipatala ndi ku polisi.

Inu achinyamata amene mwapeza mwai wa koleji, musaope maphunziro ameneŵa, ndiponso musameze chilichonse osatafuna. M'maphunziro a jenda muli magulu a maganizo osiyanasiyana, ndipo ena satsata chikhulupiriro chathu. Yesani zonse ndi Malembo monga anachitira a ku Bereya. Koma kumbukirani kuti amai amene tatchula m'nkhani ino sanataye Baibulo kapena mpingo. Anakhalabe m'katimo, nafunsa mafunso ovuta chifukwa chokonda nyumba yao. Mbiri za amai okalamba a m'mipingo yathu, amene anayenda mitunda yaitali wapansi kukayambitsa Chigwirizano, zikutha pamodzi ndi eni ake. Tengani kope ndi cholembera, mukakhale nao pansi akali moyo.

Tipempha mabanja onse kuti mwezi uno, pa mapemphero a madzulo, aŵerenge 2 Samueli 13:1-22, bambo, mai ndi ana osinkhuka ali pamodzi. Mukatha kuŵerenga, funsanani chimene Davide anayenera kuchita monga bambo, ndi chimene inu mudzachita mwana wanu akadzabwera kwa inu akulira.