Kudzutsa Kompyuta Yogona Zaka Makumi Anai

Tonse timadziwa wailesi imene yakhala pamwamba pa kabati zaka zambiri osalira. Mwana akaipeza amafuna kuilumikiza ku magetsi nthawi yomweyo. Changu chotere chaononga zipangizo zambiri zimene zikadachira. Mwezi uno tifuna kusimba za kompyuta yakale ya ku Britain yotchedwa BBC Micro, ndi njira imene amisiri amatsata poidzutsa.

Mbiri yake

Kompyuta imeneyi idatuluka m'chaka cha 1981. Idapangidwa ndi kampani ya Acorn ya mu mzinda wa Cambridge, pamene nyumba ya mau ya BBC idafuna makina ophunzitsira anthu wamba. Idalowa m'sukulu zambiri za ku Britain, ndipo ife aphunzitsi timachita nayo chidwi chifukwa ana ankalembapo okha malamulo oyendetsera makinawo m'chinenero cha BBC BASIC. Mtundu wotchedwa Model B udali ndi malo osunga zinthu okwana 32 kilobytes okha, osakwanira ngakhale chithunzi chimodzi cha pa foni ya lero.

Komabe tisaipeputse. Awiri mwa amene adaipanga, Sophie Wilson ndi Steve Furber, ndiwo adapanganso ubongo wa makina wotchedwa ARM, umene udayamba kugwira ntchito mu 1985. Mafoni ambiri amene achinyamata athu ali nawo m'thumba amayenda ndi zidzukulu za ARM yemweyo. Choncho wokonza BBC Micro akusamala gogo wa foni yake.

Pamene pabisala matenda

Kodi chimayamba kufa nchiyani m'kompyuta yotere? Kawirikawiri si ubongo wake ai, koma kabokosi kachitsulo kamene amisiri amakatcha power supply. Ntchito yake ndi kulandira magetsi a pakhoma a 240 volts ndi kuwatsitsa kufikira 5 volts, chakudya choyenera tizipangizo ta m'kati. Kabokosiko kakadwala, thupi lonse limadwala.

M'kabokosimo muli timakapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi. Tiwiri mwa ito, ta mtundu wa RIFA, tidapangidwa ndi pepala lokutidwa m'chigoba choonekera m'kati. Zaka zikamapita chigobacho chimang'aluka, chinyontho chimalowa, ndipo tsiku limene munthu ayatsa makinawo kamaphulika ndi kutulutsa utsi woyera wonunkha m'nyumba monse. Kachitatu kali ndi madzimadzi m'kati, ndipo chifukwa cha kutentha kamauma. Kakauma, kompyuta siyaka konse. Tizipangizo titatuti mtengo wake ndi wochepa, komatu ndito timagonetsa makina amene makolo adagula ndi mapaundi oposa 300.

Mmene amisiri amachitira

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kuyatsa. Amayamba ndi maso. Amatsegula, nachotsa fumbi, nayang'ana ming'alu, dzimbiri ndi waya wothetheka. Kenaka amachotsa kabokosi ka magetsi, nasungunula mtovu wogwira timakapasita takale, naikapo tatsopano ta muyeso womwewo ndiponso tovomerezeka pa magetsi a pakhoma. Atatha izi salumikiza msanga ku kompyuta. Amayamba wapima ndi mita, atamangirirako kanthu kena kodya magetsi, kuti aone ngati 5 volts ikutulukadi, pakuti magetsi akapyola muyeso angathe kupsereza tizipangizo timene sitikupangidwanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zonse zikalongosoka ndi pamene amayatsa. Kompyuta imalira kawiri, koyamba motsika, kachiwiri mokweza, ndipo pagalasi pamaoneka mau akuti BBC Computer 32K. Ku Bletchley Park, m'nyumba yosungira makompyuta akale yotchedwa The National Museum of Computing, muli chipinda chodzaza ndi makina otere, ndipo ana a sukulu amakhalapo ndi kulemba monga ankachitira makolo ao.

Chenjezo kwa achinyamata ndi makolo

Pano tiyenera kulankhula mosabisa. Kabokosi ka magetsi kamapha. Makapasita akuluakulu a m'menemo angathe kusunga mphamvu yoposa 300 volts ngakhale pulagi itazulidwa kale pakhoma. Wailesi yakanema yakale ndi zina zotere zili ndi ngozi yomweyo. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi mtima wokonda kumasula zinthu asachite yekha kuseri kwa nyumba. Safunsa adadya phula. Apite kwa mmisiri wodziwa, akhale pambali pake, aphunzire kutaya mphamvu yotsalira ndi kugwiritsa ntchito mita.

Ndipo inu makolo, mwana wotere musamuthire madzi ozizira. M'kalasi timawaona ana amene manja ao sakhala chete. Ambiri timangowakalipira kuti ndi oononga. Koposa nkuwapezera mphunzitsi wa ntchitoyo. Mpatseni tochi yakufa kapena wailesi ya mabatire ayambirepo, pakuti izi zilibe ngozi ya magetsi a pakhoma. Mwana amene waphunzira kuyang'ana asanayatse, ndi kupima asanalumikize, watenga nzeru imene idzamthandiza pa ntchito iliyonse imene adzagwire.